Mwana wanga akufuna tilemetse mpope wa mfuti yake ya mpikisano, kodi sakamuchotsa?

Uthenga uwu wachokera kwa bambo wina wa kwathu amene akugwira ntchito ku Pretoria. Ndaudula pang'ono koma mfundo zake ndi izi:

"Akochi, mwana wanga wamkazi wa zaka 15 analowa kalabu yowombera chandamale ndi mfuti ya mpweya kusukulu kwawo, ija ya mamita 10 choimirira. Chaka chatha ndinadzimana n'kumugulira Walther LG400 yogwirapo kale ntchito kwa kholo lina. Pasikelo ikukwana 4.4 kg. Vuto ndi loti akuti nsonga ya mfuti imangovina, sikhazikika pakadontho, ndipo anzake ambiri ali ndi tizitsulo tomangirira pampope. Iye akufuna timuikire ngati hafu kilo kutsogoloko. Ine za mfutizi sindizidziwa, ndine wa zamagetsi. Mantha anga ndi awiri, asakamuchotse pampikisano mwezi wamawa chifukwa chophwanya lamulo, komanso ndisawononge mfuti yodula chonchi. Kuntchito kwathu kuli mnyamata wa makina osemera zitsulo, atha kutipangira? Kapena tingomata mitovu ija amaika kumatayala agalimoto?"

Achimwene, mtima pansi. Palibe chomwe mwalakwitsa, ndipo mwachita bwino kufunsa musanagwire aleni kiyi, ambiri amandifunsa chitsulo atamanga kale. Kuika zolemetsa pampope n'kololedwa, si kubera ayi, mukaonera mpikisano wa Olimpiki pa YouTube muona kuti mfuti zambiri pamzere paja zili ndi tizitsulo pena pake, ena kunsonga ena pathunthu la mfuti. Koma hafu kilo kutsogolo kwa mwana wa zaka 15 ndiye ayi, pamenepo ndikukanizani, ndipo chifukwa chake si lamulo. Lamulo lingakuloleni ndithu. Msana wake ndi umene sungalole.

Tiyambe ndi lamulo poti ndi limene lakusowetsani tulo. Masewerawa amayendetsedwa ndi bungwe la ISSF lomwe likulu lake lili ku Munich, ndipo buku lawo la malamulo lili pa intaneti laulere, za mfuti zazitali zili mu chaputala 7. Kwanuko kuli bungwe la SAARA loona za mfuti za mpweya, ndipo kalasi ya precision imatsata malamulo a ISSF omwewa, LG400 ndi mfuti ya kalasi imeneyo. Ndatchula za kalasi dala chifukwa kulinso kalasi ya sporter, ya mfuti zotchipirako zoyambira, ndipo kumeneko malire ake ndi ena, ku America mwachitsanzo mfuti ya sporter siyenera kupitirira mapaundi 7.5, omwe ndi ngati 3.4 kg basi. Nde choyamba funsani kochi wa kusukuluko kuti mwana walembetsedwa kalasi iti, tingamawerengere mayeso a fomu ina.

Pa precision manambala oti muwasunge m'mutu ndi atatu. Yoyamba ndi 5.5 kg. Mfuti yonse, ndi masaiti ake (zosuzumiramo poloza chandamale), silinda ya mpweya, ndi kachitsulo kalikonse komwe mwamangirirapo, isapose pamenepo. Yanu ili pa 4.4 nde malo alipo ambiri, kilo yathunthu ndi kanthu. Koma ndaona anthu akuluakulu ndithu akugwa pa nambala imeneyi chifukwa cha sikelo ya kukhitchini kapena ija yopimira zikwama za pandege, kwa iyo magalamu 30 olo 50 si nkhani, pomwe sikelo ya patebulo la oyeza zida siseka ndi munthu, ikati 5.51 ndiye kuti 5.51. Ena amaiwala kuti mpweya umalemera. Silinda yopopedwa kufika 200 bar olo 300 bar imakhala ndi magalamu makumi angapo kuposa yopanda kanthu, nde munthu amapima kunyumba silinda ili yophwa, m'mawa wa mpikisano n'kuidzaza, basi mavuto. Pimani ili yodzadza, ndipo amene akuyandikira malire ndimawauza asiye mpata wa magalamu 100. Inu panopa sizikukukhudzani, mwana wanu sayenera kuyandikira n'komwe 5.5, koma ana amakula ndipo tizitsulo timeneti timaswana ngati mbira.

Nambala yachiwiri ndi imene mwafunsa kwenikweni, 30 mm. Lamulo limati cholemetsa cha pampope chisatuluke kupitirira mamilimita 30 kuchokera pakati penipeni pa mpope, ndipo mutha kuchisuntha kutsogolo kapena kumbuyo motsatira mpopewo mmene mungafunire. Mawu oti pakati penipeni ndi amene amagwetsa anthu. Sakuyeza kuchokera pakhungu la mpope ayi, akuyeza kuchokera pakati pa bowo lomwe peleti, kachipolopolo ka mfutizi, imadutsa. Inu wa zamagetsi muzimva msanga: jambulani bwalo ndi kampasi, msomali wake uli pakati pa bowo, mwendo wotambasulidwa 30 mm, nde chilichonse cha cholemetsacho chikhale mkati mwa bwalolo, pansi, pamwamba, m'mbali, ngakhale mutu wa sikuluwu yomangira. Ngati ndi mphete yozungulira mpope mofanana mbali zonse ndiye kuti kukula kwake konse kusapose 60 mm. Koma ngati ndi chija cholendewera pansi, chotsani kaye theka la kunenepa kwa mpope. Tinene kuti mwauyeza ndi veniya mwapeza 20 mm, theka lake ndi 10, nde chitsulo chanu chatsala ndi 20 mm yokha yoti chitsike. Ndinaonapo cholemetsa chokongola, chosemedwa bwino chowala ngati ndolo, chikukanidwa chifukwa cha mutu wa sikuluwu womwe unatuluka mamilimita awiri okha, mwini wake anayeza chitsulo n'kuiwala sikuluwu.

Yachitatu ndi 850 mm, kutalika kuchokera kumbuyo kwa makina a mfuti kukafika kunsonga yooneka ya mpope. Mfuti zambiri za mpikisano zimachoka kufakitale zili kale pafupi ndi malire amenewa, nde cholemetsa chotulukira kutsogolo kwa nsonga chikhoza kukudutsitsani mzere. Chiikeni kumbuyo kwa saiti yakutsogolo, nkhani yatha.

Tsopano za mitovu ya kumatayala. Kunena zoona anthu ambiri amaigwiritsa ntchito, imabwera ya magalamu 5 ndi 10, ndi yotchipa ndipo poyesera balansi ndi yabwino kwambiri, nanenso ndili nayo m'bokosi. Koma pampikisano chenjerani, lamulo silifuna zolemetsa zokulungidwa ndi tepi, likufuna chinthu chomangika zolimba chosasuntha. Chaka china ndinaima patebulo la oyeza zida ndi mnyamata wanga wina yemwe anakulunga mitovu yake pampope ndi tepi yakuda ya magetsi ija inu mumaidziwa bwino, anachita ine kulibe ndipo anaphunzira nayo choncho masabata awiri. Woyeza sanayankhule zambiri, anangoloza ndi cholembera. Mwana uja anayamba kumatula tepi ndi zikhadabo pomwepo, manja akunjenjemera, ulimbo utatsalira pampope, timitovu tikugwera pansi anzake akutola, kenako anakaima pamzere ndi mfuti yoti balansi yake sanaizolowere. Sanachotsedwe poti anapita kukayezetsa mpikisano usanayambe. Akanagwidwa pa kuyeza kwa pambuyo, kuja amangosankha anthu mpikisano utatha, mapointi ake onse akanafufutidwa.

Mnyamata wa kuntchito kwanuyo amvenso izi: asaboole mpope kapena chubu chake, ndipo cholemetsa chikhale chakufa, chopanda choyenda mkati. Wina akakuuzani za chubu chokhala ndi zamadzimadzi kapena sipiling'i mkati choti chizimeza kugwedezeka, kanani, zoterozo zikulowetsani mumkangano ndi lamulo loletsa zipangizo zochepetsa kugwedezeka kwa mfuti peleti isanatuluke. Zolemetsa za pathunthu ndi kuthako la mfuti zili ndi miyezo yakeyake, zisatulukire kumbuyo kupitirira pomwe mfuti imagunda phewa, ndipo miyezo ya mbali imeneyi ndi imene imakonda kusinthidwa buku latsopano likatuluka, nde onani buku lomwe likugwira ntchito panopa osati za m'maluwa.

Lamulo lathera pamenepo ndipo ndi lophweka. Chovuta n'chakuti cholemetsa sichiletsa mfuti kuvina, chimangoichititsa kuvina mofatsa. Kadontho ka 10 pachandamale ndi ka 0.5 mm, peleti ndi ya 4.5 mm, ndipo kuchokera pa 10.9, omwe ndi mapointi apamwamba kwambiri a peleti imodzi, kotala iliyonse ya milimita imakuchotserani kachigawo kamodzi, 0.1. Kuchokera paphewa kufika kunsonga ndi pafupifupi mita imodzi, chandamale chili pa mamita 10, nde nsonga ikangosuntha kotala ya milimita, peleti yasuntha mamilimita awiri ndi theka, wachoka pa 10.9 wafika m'mphepete mwa 10. Palibe munthu wamoyo amene amaimitsa mfuti zii, olo Abhinav Bindra wa ku India potenga golide ku Beijing mu 2008 yake inkayenda, kungoti inkayenda pang'ono komanso mosathamanga, kumupatsa mpata wofinya thiriga, kachitsulo kowombera kaja, nsonga ili pakati. Gwirani bango ndi dzanja limodzi muloze nalo chinthu, nsonga yake imanjenjemera ngati ili ndi malungo. Gwirani musi, kunjenjemera kwatha, koma pakatha mphindi imodzi mkono wayamba kulira, musi wayamba kuyenda mtunda waukulu, ndipo ukangoyamba kupita kumanzere kuubweza ndi ntchito. Mfuti ya mwana wanu tikuifuna penapake pakati pa bango ndi musi.

Apa ndi pomwe hafu kilo ija ikugwera. Malo amene mwaika cholemetsa ndi ofunika kuposa kulemera kwake. Tengani magalamu 100 muike masentimita 25 kutsogolo kwa dzanja lomwe lanyamula mfuti, kenako musunthe afike masentimita 50. Mphamvu yokokera nsonga pansi yawirikiza kawiri, koma kukana kugwedezeka kwawirikiza kanayi, chifukwa kumeneku kumayenda ndi mtunda kuchulukitsa ndi mtunda womwewo. Nde kuti mupeze kufatsa komwe magalamu 100 akupereka kunsonga, pakati pa mpope mungafunike magalamu 400, ndipo 400 ameneyo akukoka mkono kawiri kuposa 100 uja, kuphatikiza kulemetsa mfuti yonse. Kachitsulo kakang'ono kakutali kamagwira ntchito kuposa chimtolo chapafupi, nde hafu kilo kunsonga ndi musi uja ndendende.

Musanamange chilichonse pezani kaye balansi ya mfutiyo mmene ilili. Igonekeni pa kamtengo kozungulira patebulo, ngati chogwirira cha tsache, muisunthe pang'onopang'ono mpaka ikhale yosagwera kutsogolo kapena kumbuyo, muike chizindikiro ndi pensulo, kenako mwana aime mmene amaimira muone pomwe chibakera chake chonyamula mfuti chimakhala. Ine ndimakonda balansi ikhale masentimita awiri mpaka asanu kutsogolo kwa chibakeracho, makochi ena amakonda pachibakera penipeni, sitimenyana. Ikakhala kumbuyo kwa dzanja nsonga imayandama, imafuna kukwera yokha, ndipo apo magalamu 50 kutsogolo amachita zodabwitsa. Ikapita kutsogolo kwambiri thako la mfuti limayamba kuzuka paphewa, mwana n'kumalipanikiza ndi tsaya komanso kukoka ndi dzanja la thiriga, dzanja lomwe limayenera kukhala lomasuka, nde mwagula kugwedezeka kwatsopano ndi ndalama zanu. N'chifukwa chake akatswiri ambiri akaika kutsogolo amaikanso kumbuyo. Magalamu 100 pa masentimita 50 kutsogolo amabwezedwa ndi magalamu 125 pa masentimita 40 kumbuyo, balansi yabwerera pamalo pake koma mfuti yafatsa mbali zonse ziwiri. Taonani kuti pamenepo taika kale 225 pa mwana wa eni.

Komanso khalani kumbuyo kwake tsiku lina muone kavinidwe ka mfutiyo, kapena bola mumufunse iye mwini kuti akuona chiyani m'saiti. Ngati ndi kunjenjemera kwachangu kwa timizere tating'ono, cholemetsa chithandiza, ngakhale nthawi zambiri kumeneku kumachokera kofinya chogwirira kwambiri kapena phewa lokungika. Ngati nsonga ikuyenda mtunda wautali kumanzere ndi kumanja pang'onopang'ono ngati bwato panyanja, limenelo ndi thupi lonse likupendama, nkhani ya mapazi, nsapato ndi chiuno, olo mutapachika njerwa sizisintha. Ngati ikutsika n'kukwera onani chigongono ngati chakhazikika pafupa la m'chiuno, mfuti imayenera kukhala pamafupa osati paminofu. Ndipo ngati ikukhazikika bwinobwino masekondi oyamba n'kuyamba misala pambuyo pake ndiye kuti akuchedwa kuwombera, akudikira chithunzi changwiro mpweya ali chigwirire m'chifuwa, pakadutsa masekondi 8 olo 10 atsitse mfuti ayambirenso. Ana ambiri obwera kwa ine kudzapempha zolemetsa vuto lawo limakhala la mapazi, chigongono kapena kuchedwaku, ndipo chowakoka kwenikweni n'choti mfuti ya mnzawo ikuoneka yaukatswiri. Sindiwaseka, nane ndinadutsamo.

Mukaona kuti n'koyenera yambani ndi magalamu 50, osapitirira 100. Apa ndi pomwe mitovu ya kumatayala ikugwira ntchito, imateni pa pulakatisi, musunthe, muchotse, mpaka mupeze malo ndi kulemera kwake, kenako mupangitse chenicheni, ndipo azisamba m'manja akagwira mtovu monga amachitira akagwira mapeleti. Kusintha kumodzi nthawi imodzi, ndipo akhale nako mapulakatisi atatu kapena anayi asanagamule, chifukwa tsiku loyamba chilichonse chatsopano chimakoma, maganizo amakhala tcheru ndipo mapointi amakwera okha, lachitatu ndi pomwe zoona zimatuluka. Asayesenso ndi mapeleti khumi n'kunena kuti zatheka. Mpikisano ndi mapeleti 60 mu mphindi 75, ndi mphindi zina 15 zokonzekera ndi kuyesa masaiti, mukawerengera maulendo amene amanyamula mfuti n'kuitsitsa osawombera mupeza kuti wainyamula mwina ka 80 olo 90. Nde awombere 60 yonse, inu muzilemba m'kope mapointi khumikhumi, ndipo maso akhale pa 20 omalizira. Ngati oyamba akwera koma omaliza agwa, cholemetsa chamukulira, chotsani theka. Ngati kalabu ili ndi SCATT, kachipangizo kaja komangirira pamfuti kojambula pakompyuta njira imene nsonga ikuyenda, kapempheni, kamaonetsa liwiro la kugwedezeka mu manambala ndipo mkangano wa bambo ndi mwana umathera pomwepo. Musadabwe mapeleti akayamba kugwera malo ena mutamanga chitsulo, zimachitika, n'kungokonza masaiti.

Mnyamata wa makina atha kupanga, si ntchito yovuta, ngakhale zogula kale za Walther yemweyo kapena za makampani ngati MEC ndi Gehmann zimabwera zokwana bwino ndipo sizikupweteketsani mutu. Akasema asankhe brasi kapena chitsulo chosachita dzimbiri, aluminiyamu ndi yopepuka kwambiri simupindula kanthu. Kuti muone kukula kwake, mphete ya brasi ya 40 mm kunja, bowo la 20 mm, yotalika 12 mm, imalemera pafupifupi magalamu 100, kanthu kakang'ono zedi ndipo kali mkati mwa bwalo lija ndi mpata wa 10 mm. Bola apange ziwiri za magalamu 50 kusiyana ndi imodzi. Ikhale yong'ambika mbali imodzi yofinya mozungulira, osati ija ya sikuluwu yoluma mpope ndi nsonga yake, imasiya chipsera. Dziwaninso kuti chomwe mukuona ngati mpope kutsogoloko pa mfuti zimenezi ndi chubu chonyamula saiti, mpope weniweni ndi waufupi, ngati masentimita 42, uli mkati. Chubucho ndi chopyapyala, pa mitundu ina ndi cha kaboni, mukamanga ngati nati ya tayala chiphwanyika kapena kupindika ndipo mtengo wake mulira nawo. Zala ziwiri pa aleni kiyi zakwana.

Silinda ili pansi pa mpope pomwepo, nde mphete yozungulira yonse nthawi zambiri imafunika kusengedwa kumunsi kwake, poyamba kuti silinda izitha kumasulidwa n'kutuluka kutsogolo pokadzaza mpweya, kachiwiri kuti ziwirizi zisakhudzane. Chachiwirichi ndinachiphunzira ndi misozi. Nthawi ina ndinamanga cholemetsa pa mfuti yanga, mapeleti omwe ankalowa bowo limodzi anayamba kupanga kamzere kokwera, ndinanyoza mapeleti, ndinagula zitini zina ziwiri, ndinamasula masaiti, mpaka mkulu wina wa kukalabu anang'amba pepala la m'kope n'kulilowetsa pakati pa cholemetsa ndi silinda, pepala linakanirira. Chitsulo chinkagunda silinda pang'onong'ono moti ndi maso simukanaona. Nde mukamanga dutsitsani pepala, lidutse momasuka, ndipo mwana asuzumire m'saiti aone kuti chitsulo sichikuonekera m'munsi mwa chithunzi. Zonsezi muchite silinda mutachotsa, makina ali otsegula, kachingwe kachitetezo kosonyeza kuti mulibe peleti kali mumpope. Poti mwaichotsa kale onani deti lake, masilinda amenewa amagwira ntchito zaka 10 kuchokera pomwe anapangidwa, ndipo pa mfuti yogula kwa munthu ndi pomwe pamakonda kubisala vuto. Sikuluwu ikakanirira kapena mukaona mng'alu pachubu musalimbane nazo, pitani kwa wokonza mfuti za mpikisano.

Ndibwerere ku msana. Kaimidwe kowombera choimirira si kachibadwa, chiuno chimatsogola, msana umapindikira kumbuyo n'kupotokanso pang'ono, ndipo mwana wa zaka 15 mafupa ake akukulabe. Galamu iliyonse yakutsogolo amailipira popindika kwambiri m'chiuno. Ana sanena, makamaka akadziwa kuti bambo anadzimana kuti agule mfuti, nde muzimuona nokha, akamatsika m'galimoto pochokera ku renji dzanja lili m'chiuno, akamawerama monyinyirika pomanga nsapato m'mawa. Kutopa kwa minofu kotha ndi tulo si vuto. Koma ululu wotsala masiku awiri atatu, wobwera nthawi iliyonse akaima pamzere, wotsikira m'mwendo, kapena dzanzi m'zala ndi m'phazi, pamenepo chotsani zolemetsa zonse, asiye kaye, mupite naye kwa dokotala kapena wa fiziyo osadikira kuti mpikisano uthe. Mfuti ya 4.4 kg pa msinkhu wake ndi katundu kale. Masewera olimbitsa mimba ndi msana kawiri pasabata amupatsa kukhazikika kuposa mphete ya brasi, kungoti saoneka pachithunzi cha pa WhatsApp.

Poti mpikisano ndi mwezi wamawa, masabata awiri oyambawa ndi oyesera, awiri omaliza musagwire kanthu, akawombere ndi mfuti yomwe thupi lake likuidziwa olo itakhala yopanda kachitsulo n'kamodzi komwe. Kochi wa kusukulu aione mfutiyo isanapite, iye amamuona mwana ali pamzere pomwe ine ndikungomva kwa inu. Tsiku la mpikisano mulawirire, mupite nayo patebulo la oyeza zida mwakufuna kwanu, aleni kiyi ali m'thumba, kuti akakana chinachake muchotse pomwepo nthawi ikadalipo. Mukapeza balansi mundilembere kuti yagwa masentimita angati kuchokera pachibakera chake, komanso kuti 20 omaliza aja akutuluka bwanji.